ZA M'MITSINJE NDI M'CHIRE: Bwato, Ukonde ndi Msasa pa Luangwa

Mwezi wa Meyi ukalowa, mvula italekeratu ndi dzinthu zitalowa m'nkhokwe, madzi a mtsinje wa Luangwa amayamba kuphwa. Mcenga umene unamira m'dzinja umaonekeranso, magombe amauma, ndipo njira zotsikira kucigwa zimayamba kupitika. Pa nyengo imeneyi anthu a mitundu itatu amakumana kumtsinje. Woyamba ndiye msodzi, amene amasiya banja kumudzi nakamanga msasa wa udzu pamcenga. Waciwiri ndi wapaulendo, amene afuna kuoloka ndi thumba lace kupita kutsidya. Wacitatu ndi mlendo wocokera kutali, amene walipira ndalama zambiri kuti agone m'tenti ndi kumva mvuu zikulira usiku. Anthu atatuwa ndi osiyana pa cuma ndi pa cilankhulo, koma mvuu ndi ng'ona siziwasiyanitsa, ndipo tsogolo la onse lili pa mtsinje umodzi womwewo.

KUMENE UCOKERA NDI KUMENE UPITA

Luangwa amayambira ku mapiri a Mafinga, kufupi ndi malire a Malawi. Kucokera kumeneko amayenda makilomita oposa 700 m'cigwa cotentha, phiri la Muchinga lili kumadzulo kwace. Amadutsa m'dziko la Asenga ku Chama, la Abisa, la Akunda ku Mambwe, la Ansenga ndi la Aambo, napita pansi pa ulalo wa pa mseu wa Great East Road, pamene apaulendo amagula nsomba zouma ndi madengu. Kumunsi kwa ulalowo mtsinje umakhala malire a Zambia ndi Mozambique, mpaka utathira mu Zambezi pa boma la Luangwa, limene kale linkachedwa Feira. Munthu ataima pamenepo amaona maiko atatu: Zumbo wa ku Mozambique kutsidya kwa Luangwa, ndi Kanyemba wa ku Zimbabwe kutsidya kwa Zambezi. Kumeneko ndi kwao kwa Achikunda, anthu odziwika kuyambira kale pa luso lopalasa mabwato.

Mtsinje umenewu sukhala pa njira imodzi. Caka ndi caka umagumula gombe la mbali ina ndi kuunjika mcenga mbali inzace. Ukakhota kwambiri umadula khosi la pokhotapo, nusiya cithaphwi cacikulu cooneka ngati uta. Cimodzi ca zithaphwi zotere kufupi ndi Mfuwe cimachedwa Luangwa Wafwa, ndiko kunena kuti Luangwa wakufa. Akulu anati madzi saiwala khwawa, ndipo m'cigwa muno mau amenewa amaoneka ndi maso, pakuti dzinja likakula madzi amabwerera m'zithaphwi zonse zimene anazisiya. Kuciyambi kwa caka ca 2007 madzi anasefukira kwambiri ku Mfuwe, naononga minda, nyumba ndi misasa ya alendo.

CIGUMULA NDICO NKHOKWE YA NSOMBA

Ngakhale kusefukira kwa madzi kumabvuta anthu, ndiko kumene kumabala nsomba. Mvula yoyamba ikadzaza mtsinje, milamba, nchira, nchenga, mphende ndi mceni zimakwera kulowa m'timitsinje ndi m'madambo kukaikira mazira. Ana a nsomba amakulira m'madzi osaya a m'udzu, mmene muli cakudya cambiri ndi pobisala. Mphende yaikazi imasunga mazira ndi tiana tace m'kamwa mpaka titatha kudzisamala. Madzi akayamba kutsika m'Malici ndi m'Epulo, nsomba zazing'onozo zimabwerera mumtsinje waukulu, zina nkutsalira m'zithaphwi, mmene zimadyetsa adokowe, nkhwazi ndi anthu omwe.

Pali cinthu cina cimene asodzi ena sacisamala. Mvuu imene amadana nayo cifukwa cong'amba maukonde ndi imodzi mwa zodyetsa nsomba zao. Usiku mvuu imatuluka kukadya udzu kumtunda, makilogalamu ngati 40 pa usiku umodzi, ndipo usana imabwerera m'madzi ndi kucitira ndowe momwemo. Ndowe zimenezo zimameretsa ndere ndi tizilombo ting'onoting'ono timene nsomba zimadya. Njira zimene mvuu zimaponda zimasanduka ngalande zolowetsa madzi ndi nsomba m'madambo. Luangwa ali m'gulu la mitsinje ya mvuu zoculuka koposa mu Africa, ndipo kulemera kwace kwa nsomba sikungalekanitsidwe ndi zimenezi.

PA BWATO

Bwato wa m'cigwa amasemedwa ku thunthu limodzi la mtengo waukulu, ndipo mmisiri amatha masabata ambiri ali ndi nkhwangwa ndi kasemasema. Bwato wotere ndi wopepuka pamadzi osaya, koma sacedwa kugubuduzika. Ngozi zambiri zimayamba asanacoke pa dooko, pamene mwini bwato alola anthu, njinga ndi matumba a cimanga kupyola muyeso cifukwa ca kufuna ndalama kapena kuopa kukhumudwitsa mnansi. Bwato amene mlomo wace watsala pang'ono kukhudza madzi angathe kumira ndi funde laling'ono. Mowa nawonso ndi mdani wa wopalasa, ndipo kuoloka dzuwa litalowa ndiko kuika moyo wa ana pa ciswe.

Opalasa akale ali ndi malamulo ao a mvuu, ndipo otsogolera alendo a masiku ano amatsata omwewo. Mvuu ikaopsedwa imathawira kumadzi akuya. Cotero wopalasa wanzeru amayenda mbali ya madzi osaya ndi kuisiyira njira yopita kudziwe. Akafika pokhota kapena pa malo amene sakuona bwino, amagogoda bwato ndi nkhafi kuti mvuu zimene zamira zitulutse mitu, pakuti mvuu imatha kukhala pansi pa madzi mphindi ngati zisanu. Zoopsa koposa ndi yaikazi ya mwana ndi yamphongo yokhala yokha, makamaka imene yabvulazidwa pa ndeu. M'miyezi ya Seputembala ndi Okutobala madzi amacepa kwambiri, mvuu zimapanikizana m'maiwe owerengeka, ndipo ukali wao umakula.

Ng'ona ili ndi njira ina. Simathamangira munthu poyera. Imayang'anira ndi kuphunzira cizolowezi cace. Mai amene amatunga madzi pa malo amodzi nthawi imodzimodzi tsiku ndi tsiku, kapena mnyamata amene amalowa m'madzi ofika m'ciuno madzulo alionse kukachera ukonde, ndiye amene ng'ona imamdikira. Midzi ina imazika mpanda wa mitengo yolimba m'madzi kuzinga dooko, kuti otunga ndi ocapa akhale m'kati. Pa bwato, dzanja kapena phazi lolendewera m'madzi ndi nyambo. Amene watumbula nsomba asataye matumbo pa dooko pamene ana amasamba.

PA MSASA

Malo omanga msasa asankhidwe dzuwa lisanalowe. Pa gombe la Luangwa pamaoneka mipata yoterera yokwera kumtunda. Imeneyo ndi miseu ya mvuu, ndipo wogona pamenepo angapondedwe usiku. Gombe lalitali loongoka limaoneka labwino, koma nthawi zambiri madzi analidya kunsi, ndipo limagwa mosacenjeza. M'dzinja mcenga wa pakati pa mtsinje si pogona, cifukwa mvula yogwa ku Chama kapena ku Lundazi ingakweze madzi usiku ku Mfuwe kumwamba kuli nyenyezi.

Mthunzi nawonso uyenera kusankhidwa. M'cilimwe msangu umagwetsa zipatso zimene njobvu zimakonda koposa, ndipo bwemba amaitana njobvu ndi anyani. Zipatso za mvunguti ndi zolemera, zokhoza kubvulaza munthu, ndipo mvuu zimabwera kudzazidya usiku. Fisi saopa msasa wa anthu ogona; amatenga nsomba, mapoto ndi nsapato, ndipo analumapo anthu ogona panja. Cakudya cisungidwe kutali ndi pogona, moto usazime, ndipo ogona akhale m'kati mwa msasa wotsekeka kapena m'tenti. Pocoka, moto uzimitsidwe ndi madzi kapena mcenga, pakuti udzu wa m'cigwa ukauma sucedwa kuyaka.

Njobvu iyenera ulemu ngakhale pamene pali alonda. Mu Julayi 2025 alendo awiri acikazi ocokera kunja anaphedwa ndi njobvu ya mwana ku South Luangwa, ali pa ulendo wapansi pamodzi ndi owatsogolera. Ngati zotere zigwera anthu oyenda ndi mfuti, msodzi wobwerera kumsasa usiku ndi dengu pamutu ayenera kucenjera koposa.

Matenda a m'cigwa amapha mwakacetecete. Udzudzu umabweretsa malungo. M'madzi oima a m'zithaphwi muli nkhono zofalitsa likodzo. Kashembe, nchenche yoluma ya m'chire, imapatsa kaodzera, ndipo kacilombo ka mtundu waukali wa matendawa kanazindikiridwa koyamba mu 1910 mwa munthu amene analumidwa m'cigwa ca Luangwa. Nchenche imeneyi imakopeka ndi zobvala zakuda ndi zabuluu. Munthu amene watentha thupi atabwerako kumtsinje auze a kucipatala kumene anali, kuti asapimidwe malungo okha.

Cina ndi nyama yofa yokha. Mu 2011 mvuu zambiri zinafa ndi matenda a anthrax m'boma la Chama. Anthu anasenda ndi kudya nyamayo cifukwa ca njala ya ndiwo, ndipo oposa 500 anadwala, asanu nkumwalira. Mvuu yopezeka yakufa pamcenga si mwai. Isakhudzidwe, koma auzidwe a mfumu ndi alonda a nyama, amene anthu amawacha a gemu.

UKONDE NDI LAMULO

Caka ciliconse, kuyambira pa 1 Disembala kufikira tsiku lomariza la Febuluwale, Boma limatseka usodzi m'mitsinje ndi m'madambo ambiri a dziko lino. Miyezi itatu imeneyi ndiyo nyengo imene nsomba zimaswana. Lamulo la nsomba la 2011 limaletsanso kupha nsomba ndi mankhwala akupha, ndi mabomba kapena ndi magetsi, ndipo wosodza kuti agulitse ayenera kukhala ndi cilolezo ca Dipatimenti ya Nsomba. Kusodza m'kati mwa paki popanda cilolezo ndi mlandu wina pansi pa lamulo la nyama zakuthengo la 2015.

Ciletso cimeneci cimafika pa nthawi yowawa. Januwale ndi Febuluwale ndi miyezi imene nkhokwe zambiri zimakhala zitapepuka, ana afuna za kusukulu, ndipo nsomba zimakhala zitadzaza m'timitsinje mogwirika ndi manja. Bambo amene aona ana ace akudya nsima ndi mcere sangauzidwe mopepuka kuti apacike ukonde. Pa zaka za cilala monga 2024, pamene Boma linalengeza kuti cilalaco ndi tsoka la dziko lonse, ciyeso cimakula. Komabe mlamba umodzi wa mazira wophedwa pa khomo la dambo umafa pamodzi ndi zikwi za ana amene akadadzaza miono ya m'Juni. Mlimi aliyense adziwa kuti wodya mbeu m'Novembala salowa m'munda, ndipo nsomba ya mazira ndiyo mbeu ya mumtsinje.

Coipa cina ca masiku ano ndi ukonde wa udzudzu. Unduna wa Zaumoyo umagawa maukondewa kwaulere kuti achinjirize amai apakati ndi ana ku malungo. Ena amawasoka pamodzi nkukokolola nawo m'zithaphwi. Maso ace ndi ang'ono kwambiri kotero kuti satsaza ngakhale kansomba kobadwa dzulo. Banja lotere limataya kawiri: mwana amagona polumidwa ndi udzudzu, ndipo cithaphwi cimakhala copanda kanthu caka camawa. Cimodzimodzi mthuthu, umene ena amaucha buba, ndi mankhwala a thonje othiridwa m'dziwe: amapha zazikulu ndi zazing'ono, naipitsa madzi amene ziweto ndi anthu a kumunsi amamwa. Mbedza, mono ndi ukonde wa maso akulu zinadyetsa makolo kwa mibadwo yambiri cifukwa zinkasiya zazing'ono kuti zikule.

ALENDO NDI CUMA CA M'CIGWA

Mbiri ya alendo pa Luangwa inayamba ndi mfumu. Mu 1950 Norman Carr, amene anagwira nchito yoyang'anira nyama m'cigwa, anapangana ndi Mfumu Yaikulu Nsefu ya Akunda kuti ipatule mbali ya dziko lace kukhala mosungira nyama. Anamangamo msasa wa alendo, ndipo ndalama zolipira alendowo zinkapita kwa mfumu ndi anthu ace. Carr ndiye anachukitsanso maulendo oona nyama poyenda pansi. Iye anamwalira mu 1997.

Lero m'mbali mwa mtsinje muli South Luangwa, imene inakhala paki mu 1972 ndipo kukula kwace ndi masikweya kilomita 9,050, ndiponso North Luangwa ndi Luambe. Alendo amabwera kudzaona nyalugwe, mikango, njati, mimbulu ndi nyamalikiti wa mtundu wa Thornicroft, amene sapezeka kwina kulikonse pa dziko lapansi. M'Seputembala ndi m'Okutobala mbalame zofiira zodya njuci zimakumba mauna mazanamazana m'magombe. Kumapeto kwa dzinja, madzi ali odzaza, alendo amayenda pa mabwato a injini kulowa m'nkhalango za mcenja zimene zamira. Pa Zambezi, ena amapalasa masiku angapo kucokera ku Chirundu, kugona pa zisumbu, kupyola m'mpata wa Mupata mpaka ku boma la Luangwa. M'paki ya Lower Zambezi mlendo akawedza mceni amaujambula ndi kuubwezera m'madzi uli wamoyo. Kwa msodzi wa kumudzi zimenezi ndi zodabwitsa, koma mceni womwewo ungabweretsenso mlendo wina caka cotsatira.

Nchito za alendo zimalemba anyamata ndi atsikana a m'cigwa kukhala otsogolera, ophika, oyendetsa magalimoto ndi alonda, ndipo alimi amagulitsa ndiwo zamasamba kumisasa. M'madera ozinga mapaki, monga Lupande, muli mabungwe a anthu a m'midzi ochedwa Community Resources Board, amene amalandira gawo la ndalama za nyama. Koma mlimi amene njobvu zamudyera munda usiku umodzi ali ndi cifukwa cofunsira kumene ndalamazo zipita. Malo ofunsira ndi pa msonkhano wa bungwelo ndi pa bwalo la mfumu. Wokhala cete kunyumba sathandizika, pakuti safunsa anadya phula.

Cigwa cimeneci cinaonapo kale kutha kwa cinthu cimene anthu ankayesa sicingathe. Zipembere zinali zambiri pa Luangwa, koma opha nyama mobisa anazitsiriza m'zaka za 1970 ndi 1980, ndipo mu 1998 zinalengezedwa kuti zatha m'dziko lino. Zinayamba kubwezeredwa ku North Luangwa mu 2003, zocokera ku South Africa pa ndeke, ndi ndalama zambiri ndi alonda a usana ndi usiku. Nsomba za m'zithaphwi zikatha, palibe ndeke imene idzazibweretse.

DAMU LIMENE SILINAMANGIDWE

Luangwa ndi umodzi mwa mitsinje yaikulu yowerengeka ya kum'mwera kwa Africa imene ikuyendabe popanda damu pa njira yace yaikulu. Panali maganizo omanga damu la magetsi pa mpata wa Ndevu. Nyanja yace ikadamiza midzi, minda ndi mbali ya paki, ndipo kusefukira kwa caka ndi caka kukadasintha. Mafumu, anthu a m'midzi ndi mabungwe osamala cilengedwe anadandaula, anthu pafupifupi 200,000 anasaina kalata yokana, ndipo mu 2019 Boma linaimitsa kafukufuku wa damulo. Nkhani imeneyi inaonetsa kuti mau a anthu a m'cigwa amamveka akalankhulidwa pamodzi.

UDINDO WA A KUMTUNDA

Mabanja ambiri a Cigawo ca Kum'mawa sanaonepo Luangwa ndi maso, koma madzi a m'minda yao amathera momwemo. Lutembwe, Lupande, Msandile, Lukuzye ndi Lundazi amatenga mvula ya ku Chipata, Katete ndi Lundazi kupita nayo kucigwa. Mitengo ikadulidwa pa mapiri cifukwa ca makala, ocira fodya kapena minda yatsopano, mvula simalowa pansi. Imathamanga tsiku limodzi itanyamula nthaka, ndipo nthakayo imakwirira maiwe akuya mmene nsomba ndi mvuu zimapulumukira m'cilimwe. Timitsinje timene kale tinkasunga madzi mpaka Okutobala timauma msanga. Wolima dimba mpaka m'mphepete mwenimweni mwa madzi, atazula bango ndi mikuyu, amataya dimba lace lomwe pa cigumula cotsatira.

Motero nsomba youma imene mai agula pa msika wa ku Chipata kapena pa ulalo wa Luangwa imadalira zocita za anthu ambiri amene sadziwana: woocha makala wa ku Katete, mlimi wa dimba wa pa Lutembwe, mmisiri wosema bwato, mfumu yoweruza milandu ya pa dooko, ndi wogula amene. Wogula akakana tinsomba tosakhwima ndi nsomba za m'miyezi yoletsedwa, wokokolola ndi ukonde wa udzudzu adzasowa msika. Nyakwawa ikaika lamulo la kuculuka kwa anthu pa bwato, amasiye adzacepa m'mudzi. Mkulu wa msasa akaphunzitsa anyamata kugogoda bwato ndi kuzindikira mseu wa mvuu, onse amene anatsikira kumtsinje m'Meyi adzabwerera kwao mvula isanagwe, madengu ali odzaza, ndipo pa 1 Disembala adzapacika maukonde ao kuti nsomba ziswane.